Funsani za Chingerezi: "Borrow me" ndi timawu tina totipunthwitsa polemba

Makalata ambiri mwezi uno achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo dandaulo lake ndi lofanana: Chingerezi cha pakamwa chimayenda, koma chikafika papepala chimayamba kutsimphina. Polankhula, nkhope ndi manja zimakuthandiza, ndipo mnzako amamva ngakhale waphonya mawu. Papepala palibe wokuwombola. Zomwe walemba ndi zomwezo. Nawa makalatawo, iliyonse ndi yankho lake.

Ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde. Bungwe lomwe limatiphunzitsa likufuna kuti buku la ngongole tizilemba m'Chingerezi. Ndinalemba kuti "The group borrowed Mrs A K50,000", ndipo wotiyendera anafunsa ngati gulu ndi lomwe lili ndi ngongole kwa mayiwo. Ndinalakwitsa pati? Mayi wa ku Limbuli, Mulanje

Mayi, gwero la vutoli ndi mneni wathu uja "kubwereka", yemwe amayenda mbali zonse ziwiri. Mukati "ndabwereka khasu", ndiye kuti khasu labwera kwa inu. Mukati "ndibwerekeni khasu", mukupempha mwini wake kuti akupatseni. Mneni ndi yemweyo ndipo palibe amene amasokonezeka. Chingerezi chili ndi aneni awiri, ndipo sasinthana malo: "borrow" ndi wa wolandira, "lend" ndi wa wopereka. Mwayi wake, pa nkhani ya ndalama Chichewa chimasiyanitsanso bwino lomwe. Kukongola ndi "borrow", kukongoza ndi "lend". Musanalembe, dzifunseni m'Chichewa kuti wakongola ndani, wakongoza ndani.

M'buku mwanumo mulembe "The group lent Mrs A K50,000", kapena "Mrs A borrowed K50,000 from the group". Onani kuti "borrow" amayenda ndi "from". Akakhala "lend", munthu wolandirayo amabwera pompo pambuyo pa mneni, kapena kumapeto ndi "to": "lent K50,000 to Mrs A". Nthawi yapita ya "lend" ndi "lent". Mawu oti "lended" kulibe, ndipo "borrow me" kulibenso, ngakhale timawamva tsiku ndi tsiku pamsika wa Limbuli. Cholondola ndi "lend me".

Pali mneni wachitatu yemwe alembi a magulu amamuiwala, "owe", kutanthauza kukhala ndi ngongole. Ngati chiwongoladzanja chanu ndi 20 peresenti, mayiwo abweza K60,000, ndipo mulemba kuti "Mrs A owes the group K60,000". Yemwe wayamba m'chiganizo ndiye wangongole. Mukasinthanitsa mayinawo, buku likhala likunena kuti gulu ndilo libweze, ndipo tsiku logawana ndalama pakadzabuka mkangano, anthu adzakhulupirira buku osati pakamwa panu.

Samalaninso ndi "by" ndi "until". Tsiku lomaliza kubweza limafuna "by": "She will repay the loan by 30 June", kutanthauza kuti pasadutse pa 30 Juni. Mukalemba "until 30 June" mukunena za chinthu chomwe chizichitikabe mpaka tsikulo, monga "She will keep the cash box until 30 June". Musalembe "repay back" kapena "return back", chifukwa "re" ali kutsogoloyo wanena kale za kubwerera. Mwezi muziulemba m'mawu. Kuno timatsata kalembedwe ka ku Britain, komwe 5/6 ndi 5 Juni, koma ku America 5/6 ndi 6 Meyi, ndipo mafoni ndi makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa ku America. Pomaliza, ndalama muzilemba m'manambala ndi m'mawu momwe, "sixty thousand kwacha only", kuti wina asadzawonjezere ziro. "Kwacha" salandira "s".

Ndimagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi. Chaka chatha bambo anga ondibereka anamwalira ndipo ndinapatsidwa tchuthi. Mwezi uno atisiya bambo anga aang'ono, omwe anandilipirira sukulu mpaka Fomu 4. Ndinalemba kuti "My father is late, I am asking for an off". Ku ofesi anandifunsa kuti bambo anga amwalira kangati. Ndikanalemba bwanji? Bambo wa ku Makwasa, Thyolo

Pepani ndi zovutazo, bambo. Simunanene bodza, koma Chingerezi chinakunamizirani. M'chilankhulocho "father" ndi mmodzi yekha, wokubereka. Bambo aang'ono, bambo aakulu ndi amalume onse ndi "uncle". Mayi aang'ono, mayi aakulu ndi azakhali onse ndi "aunt". Ana a abambo aang'ono kapena a amayi aakulu, omwe ife timawatcha achimwene ndi achemwali mosasiyanitsa, m'Chingerezi amagwera thumba limodzi ndi asuweni: onse ndi "cousin". Mawu oti "cousin brother" ndi "cousin sister" samveka kwa aliyense, choncho asalowe m'kalata ya ku ofesi.

Ife tikuona kuti "uncle" payekha ndi wopepuka kwambiri pa ubale wa kuno. Kwa Alhomwe ndi Amang'anja, komwe mbumba imatsata kuchikazi, amalume ndi mwinimbumba, ndipo maliro awo si oti munthu angatumize chipepeso n'kukhala. Wowerenga akangoona "uncle" saona kulemera konseko. Choncho fotokozani ubalewo m'mawu ochepa: "my father's younger brother, who paid my school fees", kapena "my mother's brother, who is the head of our family". Akakhala apongozi, tchulani kuti ndi "father-in-law" kapena "mother-in-law". Alamu ndi "brother-in-law" kapena "sister-in-law", ndipo akachuluka "s" amapita pa mawu oyamba: "brothers-in-law".

Tsopano "late". Chiganizo choti "My father is late" chimatanthauza kuti bambo achedwa. Mawuwa amatanthauza malemu pokhapokha akakhala kutsogolo kwa dzina: "my late father". Ponena kuti munthu wamwalira lembani "died", kapena mwaulemu "passed away". Musasokoneze ndi "passed out", komwe ndi kukomoka. Ndipo "an off" kulibe. Pali "a day off", tsiku limodzi lopuma, ndi "leave", tchuthi. Cha maliro chimatchedwa "compassionate leave".

Kalata yonse ikhoza kukhala ziganizo zitatu: "I am writing to request three days' compassionate leave, from 9 to 11 March. My father's younger brother, who paid my school fees, passed away yesterday and will be buried at Thekerani. I will report for duty on 12 March." Onani kuti "request" akakhala mneni satenga "for". Onaninso kuti kalatayi yatchula masiku angati, kuyambira liti, chifukwa chake, ndi tsiku lobwerera. Akapitawo akufuna kudziwa zimenezo kuti apeze wogwirizira malo anu.

Ndinalemba MSCE ndipo ndinakhoza, Chingerezi ndinapeza kirediti. Ndatumiza makalata ofunsira ntchito asanu ndi limodzi koma sindinaitanidwepo. Mkulu wanga akuti vuto ndi kalembedwe. Kalata yanga imayamba motere: "Dear Sir, Am humbly begging to apply the post of stores clerk. My names are..., I am having an MSCE and I have worked in a shop since two years." Imathera kuti "I look forward to hear from you. Your's Sincerely". Mtsikana wa ku Chitakale, Mulanje

Achemwali, kukhoza Chingerezi pa MSCE si chinthu chaching'ono, poti bungwe la MANEB silipereka satifiketi kwa yemwe walephera phunziroli. Koma akulu anu akunena zoona. Sitinganene kuti n'chifukwa chokhacho chomwe simukuitanidwira, komabe pa ntchito ya ukalaliki kalatayo ndiyo mayeso oyamba, ndipo m'mizere yochepayi muli zokonza zisanu ndi zinayi.

Tiyambe ndi "Am". M'Chichewa mwininkhani amakhala kale m'kati mwa mneni: "ndikulemba" ndi mawu amodzi okwanira, ndipo "ine" timangomuika potsindika. N'chifukwa chake "I" amaoneka ngati wongowonjezera, ndiye mauthenga a pafoni anadzakhazikitsa chizolowezicho. M'Chingerezi "am" sayima yekha. Lembani "I am" nthawi zonse.

"Humbly begging" muchotse. Kudzichepetsa ndi khalidwe labwino kwathu kuno, koma m'kalata yotere kumaoneka ngati mulibe china choonetsa. Wolemba ntchito akufuna munthu wodziwa kuwerenga katundu, osati wopempha chifundo. "Apply" amafuna mperekezi: "apply for" ntchito, "apply to" kampani. Chiganizo choyamba chikhale "I am writing to apply for the post of stores clerk", kenako mutchule komwe munaona chidziwitsocho ndi tsiku lake. "My names are" asanduke "My name is", ngakhale mayina anu atakhala atatu. Kunena zoona chiganizochi n'chosafunika, poti dzina lanu lili kale kumapeto.

"I am having" ndi msampha wina. Mneni "have" akamatanthauza kukhala ndi chinthu salandira "ing". Munthu amati "I am having lunch" chifukwa pamenepo akutanthauza kudya, koma satifiketi, galimoto, ana ndi mutu wopweteka zimafuna "I have". Aneni ena a mtundu womwewo ndi "know", "understand", "own" ndi "belong". Pa satifiketi mukhozanso kulemba "I hold an MSCE". Mwachita bwino kuika "an", chifukwa chilembo M chimatchulidwa "em", kuyamba ndi liwu la lembo la liwu.

"Since" ndi "for" amasiyana chonchi: "since" amaloza pomwe chinthu chinayambira, "for" amayeza kutalika kwa nthawi. Choncho ndi "since 2023", "since January", koma "for two years", "for six months". Njira yoyesera ndi iyi: ngati m'Chichewa munganene "kuyambira", ikani "since". Ngati munganene "kwa zaka" kapena "kwa miyezi", ikani "for".

"Look forward to hear" amagwetsa ngakhale a madigiri. "To" ameneyu si uja wa "to go" kapena "to eat". Ndi mperekezi, ndipo pambuyo pa mperekezi mneni amavala "ing": "I look forward to hearing from you". N'chimodzimodzi ndi "I am used to working" ndi "I am committed to serving".

Potsiriza kalata, lamulo la ku Britain lomwe timaphunzitsa m'sukulu zathu ndi loti mukayamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Sir or Madam", mutseke ndi "Yours faithfully". Mukayamba ndi "Dear Mr" kapena "Dear Mrs" n'kutchula dzina la makolo la munthuyo, mutseke ndi "Yours sincerely". Chilembo chachikulu ndi Y yekha, ndipo "Yours" alibe kachizindikiro kam'mwamba kaja. Mapepala otsagana ndi kalata ya mu envulopu ndi "enclosed", a pa imelo ndi "attached".

Polemba mndandanda wa katundu wa pasukulu ndinaika "furnitures" ndi "equipments". Aphunzitsi aakulu anafufuta "s" koma sanandiuze chifukwa. Wapampando wa komiti ya sukulu, Goliati, Thyolo

Awapampando, aphunzitsi aakuluwo anakhoza. Chingerezi chili ndi mayina ena omwe chimawaona ngati ufa kapena madzi, zinthu zosawerengeka chimodzichimodzi. Odziwika ndi "furniture", "equipment", "luggage", "information", "advice", "stationery", "evidence" ndi "machinery". Salandira "s", salandira "a" kapena "an", ndipo mneni wake ndi wa chinthu chimodzi: "The furniture is old". Mukafuna kuwerenga, nenani "three pieces of furniture", koma pa mndandanda ndi bwino kungotchula zinthuzo: "40 desks, 6 chairs, 2 cupboards". Nawonso "staff" ndi gulu lonse la ogwira ntchito. Aphunzitsi khumi ndi "ten members of staff", osati "ten staffs".

Ndimalemba zikwangwani za magolosale, malo odyera ndi ometera. Kawiri konse makasitomala andibwezera ntchito chifukwa cha L ndi R, ndipo penti ndagula ndekha. Pali njira yodziwira? Mnyamata wa ku Luchenza

Achimwene, khutu silingakuthandizeni pamenepa, ndipo si vuto lanu nokha. M'Chichewa L ndi R sasiyanitsa tanthauzo. Kaya munthu atchule "bwera" kaya "bwela", tonse timva chimodzi. Malamulo a kalembedwe omwe anakonzedwa ndi Chichewa Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, amangoti R alembedwe pambuyo pa I ndi E, L kwina konse, monga mu "kulira" ndi "kulera". Dzanja lozolowera lamuloli limalitengera ku Chingerezi, komwe zilembo ziwirizi zimasintha mawu kotheratu. "Rice" ndi mpunga, "lice" ndi nsabwe. "Glass" ndi galasi, "grass" ndi udzu. "Collect" ndi kutenga kapena kutolera, "correct" ndi kukonza cholakwika. "Pray" ndi kupemphera, "play" ndi kusewera. "Road" ndi msewu, "load" ndi katundu.

Kompyuta kapena foni sikugwirani zolakwa zotere, chifukwa "lice" ndi mawu enieni a Chingerezi ndipo sadzalembedwa mzere wofiira. Njira yodalirika ndi ya pang'onopang'ono. Kasitomala alembe yekha mawuwo papepala. Inu mutenge mawu alionse okhala ndi L kapena R n'kuwayang'ana mu dikishonale, ya buku kapena ya pafoni, ndipo muwerenge tanthauzo lake, osangoona kuti mawuwo alimo. Kenako lembani pakhoma ndi choko, muwerenge kuchokera ku mawu omaliza kubwerera kumayambiriro kuti diso lisathamange, kasitomala avomereze, ndiye mutsegule chitini cha penti. Sungani kakope ka mawu omwe mwawatsimikiza kale, poti pa ntchito yanuyi mawu ake amangobwerezabwereza omwewo.

M'kakopemo muyambe ndi awa. Ndi "grocery", osati "glocery". Malo okonzera tsitsi ndi "salon", pomwe "saloon" ndi mtundu wa galimoto kapena malo omwera mowa. Makope ndi zolembera ndi "stationery" wa E, chifukwa "stationary" wa A ndi chinthu chomwe chaima. "Sell" ndi mneni, "sale" ndi dzina, choncho ndi "We sell pineapples" komanso "Pineapples for sale". Matayala ndi "tyres" m'kalembedwe ka ku Britain. Zinthu zikangochuluka sizifuna kachizindikiro kam'mwamba: "tomatoes", "chips", "phones".

Abwana ananditumizira uthenga pa WhatsApp woti "Didn't you lock the store?" Ndinayankha "Yes" potanthauza kuti sindinakhome. Iwo anamva kuti ndakhoma. Analakwa ndani? Wothandiza m'sitolo, Bvumbwe, Thyolo

M'Chichewa munayankha bwino. Munthu akafunsa kuti "Simunakhome?", timati "Inde", kuvomereza zomwe wanenazo. Chingerezi sichiyankha wofunsa, chimayankha zomwe zachitika. Ngati mwakhoma ndi "Yes, I did". Ngati simunakhome ndi "No, I didn't", kaya funso labwera motani. "Yes, I didn't" kulibe. Pa nkhani ya makiyi, ndalama kapena mankhwala, musayankhe ndi liwu limodzi. Lembani chiganizo chonse: "No, I did not lock it."

Ndimalemba maminitsi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu, ndipo kope lina limapita ku khonsolo. Timawu ting'onoting'ono monga "about", "on", "with" ndi "to" timandizunguza. Nthawi zina ndimaika pomwe sipafunika. Mlembi wa komiti, Likhubula, Mulanje

Alembi, timawu timeneti tilibe lamulo limodzi lotikwanira tonse, ndipo amene angakuuzeni kuti lilipo akukunamizani. Mneni aliyense muzimuloweza pamodzi ndi kamawu kake, ngati dzina ndi chiwongo. Koma a m'maminitsi ndi ochepa, moti mukhoza kuwamaliza sabata imodzi.

Pali aneni omwe timawasenzetsa mperekezi chifukwa m'Chichewa timati "kukambirana za". "Discuss" safuna "about": "Members discussed the bridge". N'chimodzimodzi "emphasise" ndi "stress", omwe safuna "on", ndi "comprise", yemwe safuna "of". "Attend" ponena za kukhala nawo pamsonkhano amayima yekha, "attended the meeting", chifukwa "attend to" ndi kusamalira munthu kapena vuto. Chosokoneza n'choti mayina ochokera kwa aneni omwewa amatenga mperekezi: "a discussion about the bridge", "a request for cement". Mwina apa ndi pomwe chisokonezo chimayambira. "Cope" amayenda ndi "with" basi, popanda "up" pakati.

"Agree" ali ndi njira zitatu ndipo zonse zimapezeka m'maminitsi. "Agree with" ndi kugwirizana ndi munthu: "Members agreed with the chairperson". "Agree on" ndi kumanga mfundo imodzi pa nkhani: "agreed on a date". "Agree to" ndi kuvomera kuchita kanthu: "agreed to mould 20,000 bricks". Pa mfundo yomangidwa, mawu amphamvu ndi "resolved": "The committee resolved to repair the borehole by 15 August". Muzitchula wochita, chochita ndi tsiku, kuti pa msonkhano wotsatira pakhale pofunsira.

Maminitsi amalembedwa m'nthawi yapita kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wapampando akanena kuti "The cement is not enough", inu mulemba "The chairperson said that the cement was not enough". Akanena "tomorrow", inu mulembe tsiku lenileni, chifukwa wowerenga ku khonsolo adzaona pepalalo patapita milungu. Dzana ndi "the day before yesterday", mkuja ndi "the day after tomorrow", ndipo sabata ya dzana ndi "the week before last", osati "last of last week".

Chomaliza choyang'ana musanasayinitse ndi "he" ndi "she". Mlowam'malo wathu "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi, ndipo mwaulemu timati "iwo" kwa munthu mmodzi. Dzanja likathamanga, msungichuma wamkazi amasanduka "he" pa ndime yachiwiri, mfumu imodzi n'kusanduka "they" ngati kuti anabwera mafumu angapo. Mukamaliza kulemba, tengani cholembera chofiira, muzunguze "he", "she", "his", "her" ndi "they" aliyense, ndipo pa aliyense mutchule dzina la munthu yemwe akuimiridwayo. Pomwe mwakayika, fufutani mlowam'maloyo n'kulemba udindo wake: "the treasurer", "the village head".